Kalata yotseguka kwa oyang'anira mayunivesite aboma: sikelo imene mukutiwerengerayi ndi ya yani?

Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu a bungwe la Higher Education Authority, atsogoleri ndi makhonsolo a mayunivesite aboma, komanso aphungu athu a m'Chigawo cha Kum'mawa,

Ndikulemba kalatayi kuchokera ku Chipata monga mphunzitsi amene anapuma pantchito atagwira choko zaka zambiri m'masukulu a sekondale a m'chigawo chino, ndiponso monga mtsibweni amene mbumba yake imabwera kudzamufunsa nzeru mwana akakhoza mayeso a Giredi 12. Nkhani yanga ndi ya mindandanda imene mabungwe akunja amatulutsa chaka ndi chaka, yosanja mayunivesite kuyambira yoyamba mpaka yotsiriza, imene achinyamata athu amangoitchula ndi dzina lake lachingerezi lakuti ranking. Yunivesite ya boma ikakwera pamndandanda wotere, timamva pawailesi ndi kuona zithunzi zokongola pa Facebook tsiku lomwelo, koma ikatsika kumangoti zii ngati palibe chimene chachitika. Ndiloleni ndikufotokozereni mmene nambala zimenezi zimafikira kuno kwathu ndi zimene zimachita zikafika.

Zaka zingapo zapitazo, mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene anaphunzira pasukulu ina yakumudzi cha ku Chadiza, anakhoza bwino kwambiri mayeso ake. Tsiku lina madzulo anabwera kwathu ndi amayi ake, ndipo titatha malonje iye anagwada n'kundipatsa foni ndi manja awiri. "Atsibweni, taonani, iyi ndiyo ili pamwamba, ndipo alembanso nambala yake mu Africa yonse," anatero. Amayi ake, amene sadziwa kuwerenga Chingerezi, anangomva mawu akuti pamwamba, n'kunena kuti, "Achimwene, ngati ili pamwamba ndiye kuti n'kwabwino, ng'ombe ija tigulitse basi." Ine ndinavala magalasi n'kuwerenga timalemba ting'onoting'ono tapansi pachithunzicho, ndipo ndinaona kuti mndandandawo unali wa mtundu uja umene umapima kutchuka kwa yunivesite pa intaneti. Ndikuvomera ndi manyazi kuti sindinanene kanthu, chifukwa nanenso mtima unali m'mwamba, ndipo ndinalibe pepala lina lililonse loti ndiliike pambali pa foniyo kuti tiyerekeze. Ng'ombe inagulitsidwa, matumba a nshawa amene ankadikira mtengo wabwino anapita nawo, mwana ananyamuka.

Chaka chitatha ndinakwera basi ya m'bandakucha, kuwoloka mlatho wa Luangwa dzuwa litakwera, kupita kukamuona. Dzina la yunivesiteyo ndilisunga, chifukwa zimene ndinaonazo makolo anzanga amene ana awo ali kwina amazisimbanso. M'chipinda chimene chinamangidwira anthu awiri munkagona atsikana 6, ndipo anayi mwa iwo, amene ophunzira okhaokha amawatcha masikwata, ankalipira eni mabedi kuti apeze poyala matiresi usiku. Masana matiresiwo ankawaimika kukhoma, mapoto ndi kachitofu kamagetsi zili pansi pa tebulo lowerengera, mabuku ali m'chikwama chopachika pamsomali kuopa madzi a ndowa. Anandiperekeza kukaona holo imene ankaphunziriramo phunziro lina la chaka choyamba, n'kundiuza kuti wofuna mpando amafika ola lathunthu nthawi isanakwane, ochedwa amamvera pawindo, ndipo mphunzitsi wake, munthu wodziwa ndi wakhama ndithu, sakanatha kudziwa dzina la wophunzira ngakhale mmodzi pa khamu limenelo. Mwanayo anapirira ndipo anamaliza, ndiye sindikunena kuti anasankha molakwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti banja linagulitsa chuma chake potsatira nambala imene sinanene chilichonse pa zinthu zimene mwanayo anakakumana nazo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma ife mkuyuwo sitinapatsidwe mpata woung'amba tisanagule.

Mlimi aliyense wa kuno amadziwa kuti pogulitsa mbewu umayamba wafunsa za sikelo usanafunse za mtengo. Ogula oyendayenda akafika pamudzi nthawi yokolola n'kukoleka sikelo yawo panthambi ya mango, agogo amene sanapondeko m'kalasi amayamba akweza thumba ndi manja awo, kenaka n'kuyang'anitsitsa singano ya sikeloyo, chifukwa anaonapo thumba losokedwa movutikira chifukwa chodzaza likupepuka mwadzidzidzi pamaso pa wogula. N'chifukwa chake boma lili ndi bungwe la Zambia Metrology Agency loyendera ndi kudinda sikelo zamalonda. Ngakhale kumsika wa FRA, bungwe la boma logula chimanga, kumene thumba ndi la makilogalamu 50 ndipo chinyezi cha chimanga sichiyenera kupitirira 12.5 peresenti, mlimi amauzidwa poyera chimene chikupimidwa, ndipo akabwezedwa amadziwa kuti akayanike. Chodabwitsa n'chakuti pankhani ya mayunivesite, anthu ophunzira kwambiri m'dziko lino amalandira nambala yochokera pasikelo ya mlendo n'kutilengezera ife, osatiuza kuti sikeloyo imapima chiyani, anaipanga ndani, ndipo anaipangira katundu wotani.

Inu zimenezi mumazidziwa, koma poti kalatayi aiwerenganso makolo anzanga, ndifotokozeko pang'ono. Mndandanda wa Shanghai unayamba mu 2003 pa yunivesite ya Shanghai Jiao Tong ku China, pamene akumeneko ankafuna kudziwa kuti mayunivesite awo atsalira mtunda wotani kumbuyo kwa mayunivesite otchuka a dziko lapansi. Pa malikisi 100 alionse, 30 amachokera pa chiwerengero cha aphunzitsi ndi ophunzira akale amene analandira mphotho ya Nobel kapena mendulo ya Fields ya akatswiri a masamu, 20 amachokera pa nkhani zofalitsidwa m'magazini awiri okha a sayansi, Nature ndi Science, ndipo ena 20 amachokera pa ofufuza amene ntchito zawo zimatchulidwa kwambiri ndi anzawo. Yunivesite ya Harvard ya ku America yakhala yoyamba pamndandanda umenewu chaka chilichonse chiyambireni, ndipo chuma chake chosungidwa chimaposa madola 50 biliyoni. Mmene mphunzitsi amaphunzitsira m'kalasi, kapena kumene wophunzira amagona, sikelo imeneyi siziona n'komwe.

Mndandanda wa QS, wa kampani ya ku London, umadalira kwambiri mbiri. Amafunsa aphunzitsi a m'mayunivesite a m'mayiko ambiri kuti atchule mayunivesite amene amawalemekeza, ndipo mayankho amenewo ankatenga malikisi 40 pa 100 mpaka mu 2023 pamene anawatsitsa kufika pa 30, n'kukweza maganizo a olemba anthu ntchito kufika pa 15. Tsono pulofesa wa ku Germany kapena ku Japan akafunsidwa funso limeneli, Kabwe kapena Kitwe angabwere bwanji m'mutu mwake, malo amene mwina sanawamvepo? Amatchula amene amawadziwa kale, ndipo otchuka amapitirira kutchuka chifukwa chakuti ndi otchuka. A Times Higher Education, amene ankagwira ntchito limodzi ndi QS kuyambira mu 2004 asanasiyane, salowetsa yunivesite pamndandanda wawo waukulu ngati sinafalitse nkhani zakafukufuku zokwana 1,000 pa zaka zisanu m'magazini olembedwa mu Scopus, kaundula wa kampani ya Elsevier. Ndiye kuti yunivesite ngati Kwame Nkrumah, Mukuba kapena Chalimbana, zimene zinachokera ku makoleji a aphunzitsi ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusula anthu okaphunzitsa ana athu, ikhoza kugwira ntchitoyo mwaluso koma osaoneka pamndandanda umenewo. Palinso Webometrics ya ku Spain, imene inayamba mu 2004 ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikutuluka kawiri pachaka. Theka la malikisi ake limachokera pa kuchuluka kwa masamba ena a pa intaneti amene amaloza ku tsamba la yunivesiteyo. Mindandanda yamtundu umenewu ndiyo imafika msanga m'mafoni a ana athu, chifukwa imasanja mayunivesite ochuluka zedi, ndipo pafupifupi aliyense amapezapo nambala yoti anyadire.

Chimene chinachitika ku America chikusonyeza bwino mmene sikelo yotere imachitira ndi yunivesite ya boma. Kumeneko magazini ya U.S. News & World Report yakhala ikusanja mayunivesite kuyambira mu 1983, ndipo malo apamwamba penipeni akhala akutengedwa ndi mayunivesite olemera omwe si aboma, pamene aboma otchuka ngati Berkeley ndi UCLA amabwera pambuyo. Mu 2023 magaziniyo inasintha kawerengedwe kake n'kuyamba kupereka malikisi ochuluka kwa yunivesite imene imathandiza ana a m'mabanja osauka kumaliza maphunziro. Chaka chomwecho mayunivesite aboma ambiri anakwera, ena omwe si aboma anatsika n'kuyamba kudandaula. Aphunzitsi anali omwewo, malaibulale omwewo, ophunzira omwewo. Chimene chinasuntha ndi singano ya sikelo. Zofananazo zinaoneka kuno ku Africa mu 2023, pamene a Times Higher Education anatulutsa mndandanda wapadera wa mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, wopimanso mwayi umene osauka ali nawo wolowa ndi phindu la yunivesite kwa anthu a mu Africa. Yunivesite ya zaumoyo ya Muhimbili ku Tanzania inakhala yachitatu, kumbuyo kwa Witwatersrand ndi Johannesburg za ku South Africa, malo amene sikanawalota pasikelo ya Shanghai.

Musandimve ngati ndikunena kuti mindandandayi ndi bodza lokhalokha. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina diso lakunja limaona chimene eni nyumba anachizolowera. Kafukufuku ndi ntchito yeniyeni ya yunivesite, ndipo mphunzitsi amene sakufufuza kanthu amatha n'kumawerengera ana manotsi achikasu amene iye analemba ali wophunzira. Yunivesite ya Cape Town simakhala pamwamba mu Africa mwangozi, ili ndi malabotale, malaibulale ndi ofufuza ambiri amene ntchito yawo imawerengedwa padziko lonse. Mwana wathu akamafunsira malo a digiri yachiwiri kunja, dzina la yunivesite imene anachokera limamutsegulira kapena kumutsekera chitseko, ndipo zimenezo sitingazichotse ndi kudandaula. Choncho yunivesite yathu ikatsalira kumbuyo kwa zinzake za m'mayiko oyandikana nafe pa kafukufuku, funso loyenera ndi lakuti Nyumba ya Malamulo inapereka ndalama zingati za kafukufuku ndipo zinafika liti, osati kutukwana sikelo. Chimene ndikukana ndi kutenga muyeso wa chinthu chimodzi n'kuulengeza ngati chiweruzo cha yunivesite yonse.

Amene anayala maziko a maphunziro apamwamba m'dziko lino anali ataiganizira kale nkhaniyi. Komiti ya Sir John Lockwood, imene inapereka lipoti lake mu 1963, inanena kuti yunivesite ya Zambia iyenera kuyankha zosowa zenizeni za dziko, ndiponso iyenera kupeza ulemu wa mayunivesite ena chifukwa cha ntchito yake. Mfundo ziwirizo anaziika pamodzi, ndipo ya zosowa za dziko ndiyo inatsogola. Pa nthawi ya ufulu mu 1964 dziko lonse linali ndi nzika za digiri pafupifupi 100 zokha. M'malo mokhala koleji yopereka madigiri a yunivesite ya London, monga zinalili ku Makerere ku Uganda, ku Ibadan ku Nigeria ndi ku Salisbury (Harare wa lero), yunivesite ya Zambia, UNZA, inayamba kupereka madigiri akeake, ndipo inalola ana kulowa atangomaliza Fomu 5 kuti chitseko chikule. Inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba m'midzi anasonkha nawo, wina ndalama, wina mbuzi, wina nkhuku. Mu 1969 Pulofesa Lameck Goma, mwana wa ku Lundazi kuno kwathu, katswiri amene anafufuza za udzudzu, anakhala nzika ya Zambia yoyamba kuitsogolera, ndipo tinyanja tija ta pasukulupo m'mbali mwa msewu wa Great East timatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Mayi amene anapereka nkhuku yake sankagula malo pamndandanda wa aliyense. Ankafuna dokotala, mphunzitsi ndi mlangizi wa zaulimi amene adzafike kumudzi kwake. Ngongole ya kwa mayi ameneyo ndiyo imasiyanitsa yunivesite ya boma ndi ina iliyonse, ndipo palibe mndandanda wakunja umene umafunsa ngati ikubwezedwa.

Kuno ku Kum'mawa tikudziwa mmene kafukufuku waphindu amaonekera, chifukwa tamudya ndi nsima. Ku Msekera, malo a boma ofufuzira zaulimi kunja pang'ono kwa Chipata, kunatuluka mitundu ya nshawa ngati MGV 4 imene alimi anaidzala m'minda yawo, ndipo nkhondo yolimbana ndi chuku chimene chimawononga chiwindi cha munthu ndi kutsekereza nshawa zathu misika yakunja ikadalipo. Katemera amene amateteza ana ang'ombe ku matenda oopsa a nkhupakupa m'chigawo chino amapangidwa ndi kachilombo kamene akatswiri anakatcha dzina la Katete, kumene kanatengedwa. Akatswiri a sukulu ya zaziweto ya UNZA, mogwirizana ndi anzawo a ku Belgium, anayenda m'midzi ya ku Katete ndi ku Petauke kufufuza nyongolotsi ya nkhumba imene ikafika muubongo wa munthu imayambitsa khunyu, matenda amene ambiri kuno ankangoti ndi olodzedwa. Nkhani zimene iwo analemba m'Chingerezi zinalowa m'magazini ndipo zinawerengedwa pasikelo. Koma tsiku limene wofufuza amakhala pansi pa mtengo ndi anyakwawa, kufotokoza m'chilankhulo chawo chifukwa chake nkhumba ziyenera kukhala m'khola ndipo banja lililonse likhale ndi chimbudzi, silipatsa yunivesite yake ngakhale theka la malikisi, chonsecho tsiku limenelo ndilo limapulumutsa mwana. Chimodzimodzinso mphunzitsi wa zilankhulo amene angathe zaka zitatu akulemba buku labwino la galamala ya Chinyanja, chimodzi mwa zilankhulo 7 zimene boma linavomereza kuti ziziphunzitsidwa m'masukulu: buku lakelo lithandiza aphunzitsi kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama, koma kwa osanja mayunivesite lili ngati silinalembedwe. Mukamauza aphunzitsi a m'mayunivesite kuti kukwezedwa pantchito kudalira magazini akunja okha, mukuwauza mosabisa kuti ntchito zoterezi azisiye.

Apa ndi pamene ndikuopa kwambiri, chifukwa ndinaziona ndi maso anga pamlingo waung'ono. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo, akuluakulu atayamba kuyamikira masukulu potengera peresenti ya okhoza, tinayamba kusefa ana chaka cha mayeso chisanafike. Ofooka tinkawalangiza mwaulemu kuti abwereze kalasi kapena akalembere kwina, ndipo peresenti yathu inakwera mpaka tinaitanidwa kukalandira ulemu. Ana amene tinawakankhira kunja aja ndimakumana nawo kumsika wa Kapata, ena amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumayang'ana pansi. Sukuluyo sinaphunzitse bwino kuposa kale, inangophunzira kusangalatsa sikelo. Mayunivesite akuluakulu nawonso agwapo m'mbuna yomweyi. Mu 2022 pulofesa wa masamu wa pa yunivesite ya Columbia ku New York, Michael Thaddeus, anaonetsa kuti ziwerengero zimene sukulu yake inkatumiza ku U.S. News sizinali zoona. Yunivesiteyo inavomera kuti zina zinali zolakwika, ndipo inagwa kuchoka pa nambala 2 kufika pa 18. Mu 2010 yunivesite ya Alexandria ku Egypt inapezeka mwadzidzidzi pa nambala 147 padziko lonse pamndandanda wa Times Higher Education, ndipo zitafufuzidwa zinaoneka kuti kukwerako kunachokera makamaka pa nkhani za munthu mmodzi zimene zinkatchulidwa mobwerezabwereza m'magazini imene iye mwini ankayang'anira. N'chifukwa cha zinthu ngati zimenezi kuti mayunivesite ena olemekezeka, monga Rhodes ku South Africa, Utrecht ku Netherlands mu 2023 ndi Zurich ku Switzerland mu 2024, analengeza kuti sazitumizanso ziwerengero zawo kumipikisano yotereyi. Amenewo ndi mayunivesite amene akanatha kupikisana, koma anaona kuti mpikisanowo ukuwapotoza.

Kwa ife chiopsezo chake n'chachikulu kuposa pamenepo. Kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro ndi aulere mpaka Giredi 12, ndipo makalasi a m'masukulu athu adzaza ndi ana amene kale akanatsalira kumunda. Limeneli ndi dalitso, koma walira mvula walira matope: khamu limenelo likubwera pazipata za mayunivesite anu. Yunivesite ya boma ikatsegula chitseko kwa ana amenewa popanda kuwonjezera aphunzitsi, chiwerengero cha ophunzira pa mphunzitsi mmodzi chimakwera ndipo sikelo yakunja imailanga. Ikafuna kukwera msanga, njira yachidule ndi kuchepetsa olowa, kukweza fizi, kukopa ophunzira akunja ndi kuthira ndalama m'madipatimenti ochepa amene nkhani zawo zimatchulidwa kwambiri. Mwana woyamba kugwa pa sefa imeneyo ndi wa ku Vubwi kapena ku Lumezi, amene sukulu yake ilibe labotale, amene kuti angofika ku Lusaka kuchokera ku Chipata ayenera kuyenda makilomita oposa 550, ndipo amene anavutika kwambiri pamene ndalama ya chakudya ya ophunzira inachotsedwa mu 2019 kufikira itabwezeretsedwa mu 2023. Ndikufuna kumva kuchokera kwa inu kuti zinthu ziwirizi zikadzasemphana, nambala ya pamndandanda ndi malo a mwana ameneyu, mudzasankha chiti.

Pempho langa lalikulu likupita kwa inu a Higher Education Authority, amene lamulo la maphunziro apamwamba la 2013 linakupatsani udindo woyang'anira ubwino wa maphunziro m'mayunivesite. Tipatseni sikelo yathu. Sindikupempha mndandanda wina wa woyamba ndi wotsiriza, chifukwa tikatero tangosamutsira matenda omwewo kunyumba. Ndikupempha kuti chaka chilichonse, zotsatira za Giredi 12 zisanatuluke, yunivesite ya boma iliyonse izikhala ndi tsamba limodzi lofotokoza zinthu zimene kholo limafuna kudziwa lisanagulitse ng'ombe. Tsambalo linene kuti ophunzira alipo angati ndipo mabedi alipo angati, kuti phunziro lililonse lili ndi aphunzitsi okhazikika angati ndipo kalasi ya chaka choyamba imakhala ndi anthu angati, ndiponso kuti mwa ana amene analowa chaka chakuti, ndi angati anamaliza pa nthawi yake, angati anabwereza, angati anasiya chifukwa cha fizi. Linenenso ngati maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi inu komanso ndi mabungwe a ntchitoyo, monga Health Professions Council of Zambia, Engineering Institution of Zambia kapena Teaching Council of Zambia, kuti mwana asadzazindikire atavala kale gauni kuti pepala lake silimulola kugwira ntchito. Tikufunanso kudziwa kuti omaliza maphunziro akutani pakatha zaka ziwiri, angati ali pantchito, angati adzilemba okha ntchito, angati akungokhala, ngakhale yankho lake litakhala lowawa.

Chiwerengero chimene ine ndikuchifuna koposa ndi cha kumene ophunzira amachokera, chigawo ndi chigawo, boma ndi boma, ndiponso angati anachokera m'masukulu akumidzi. Bungwe la ngongole za ophunzira la HELSB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, lili ndi mayina ndi masukulu a onse amene limawathandiza, choncho kuwerengera kumeneku si ntchito yofuna katswiri wochokera kunja. Msonkho umene umayendetsa mayunivesitewa timapereka tonse, mlimi wa thonje wa ku Sinda amaupereka pogula sopo ndi mafuta, ndipo ali ndi ufulu wodziwa ngati ana a kwawo akulowa molingana ndi anzawo a m'mbali mwa njanji. Ziwerengero zonsezi ziziyamba zaonedwa ndi ofesi ya Auditor General, pokumbukira zimene zinachitika ku Columbia, kenaka ziziwerengedwa m'Chinyanja pa Breeze FM, pa Radio Maria ndi pa ZNBC Radio 1, chifukwa amene amagulitsa ng'ombe ambiri sawerenga malipoti a pa intaneti.

Kwa inu atsogoleri a mayunivesite, pempho langa ndi laling'ono ndipo silifuna bajeti. Mukamalengeza kuti mwakwera, tchulani dzina la mndandandawo, nenani m'mawu osavuta chimene umapima, mayunivesite angati anapimidwa, ndipo chaka chathachi munali pati. Chaka chimene mwatsika mulengezenso, ndi mawu okweza chimodzimodzi. Ena mwa makampani osanjawa amagulitsanso uphungu ndi nyenyezi zolipira kwa mayunivesite omwe amawasanjawo, zimene kumsika wa nshawa tikanati wogula ndi yemwenso akudinda sikelo. Ngati ndalama ya boma ikupita kumeneko, makhonsolo anu aziulula kuti ndi zingati, makamaka pamene nkhani ya aphunzitsi opuma pantchito odikira ndalama zawo yakhala ikumveka m'manyuzipepala kwa zaka zambiri.

Inu aphungu athu, nkhani ya yunivesite ya boma m'chigawo chino imabwera kawirikawiri pamisonkhano, makamaka chisankho chikayandikira. Mukamaikamba, musayambe ndi kukula kwa chipata kapena malo amene idzakhale pamndandanda wa mu Africa. Yambani ndi zimene zilipo kale, Chipata College of Education, koleji ya zamalonda a zaulimi ku Katete, minda ya kafukufuku ya ku Msekera, masukulu a anamwino, n'kufunsa kuti ndi maphunziro ati amene angamere pamenepo n'kuyankha za nthaka yathu yotopa, za kaodzera wa m'chigwa cha Luangwa, za chilala ngati cha 2024 chimene chinasiya nkhokwe zili pululu. Ndipo m'makomiti a Nyumba ya Malamulo, pamene atsogoleri a mayunivesite abwera kudzapereka malipoti, muziwafunsa za mabedi ndi za omaliza maphunziro ndi khama lomwelo limene mumafunsira za misewu ndi feteleza.

Mlongo wake wa mtsikana uja, mnyamata womaliza m'nyumba ya mlongo wangayo, alemba mayeso a Giredi 12 chaka chamawa, ndipo aphunzitsi ake akuti masamu ndi sayansi amazigwira bwino. M'khola mwatsala ng'ombe ziwiri zolimira, ndipo amayi ake ayamba kale kuziyang'ana. Ndikudziwa kuti zotsatira zikadzatuluka adzabwera kwathu madzulo, adzagwada n'kundipatsa foni ndi manja awiri. Ndikupempha kuti pofika tsiku limenelo tsamba ndapemphali lidzakhale litatuluka, kuti ine ndi amayi ake tidzaliyale pamphasa pambali pa foniyo, tiwerenge mabedi, aphunzitsi ndi omaliza maphunziro, tisanatume munthu kukaitana wogula ng'ombe.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chipata, Chigawo cha Kum'mawa